Chidendene Chikakwera Kasanu

Lolemba, 3 Novembala

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi nambala 7, pafupi ndi zenera. Kope ili ndawalanda abambo a Mwai kuti ndizilembamo masiku, chifukwa kuno Lolemba ndi Lachinayi n'zofanana, ndipo ine sindikufuna kusokoneza masiku. Dzina langa ndi Vailet, zaka 46, ndathyola tiyi pa esiteti zaka 23. Ndalemba zimenezi kuti kopeli likasochera alibweze.

Vuto ndi phazi lakumanja. Pali bala mkati mwa kakolo, likutuluka mafinya, ndipo mwendo watupa mpaka m'katumba. Thupi latentha 38.9. Andiika diripi, jakisoni wodzera m'diripi kamodzi patsiku, panado awiri katatu. Mwendo auika pa mapilo awiri.

Gadiyani ndakana. Mwana wathu Mwai ali ndi khanda ku Nsabwe, ndipo ine manja ndili nawo. Amuna anga, a Peterson, amapalasa kabaza ku Luchenza, ndiye chakudya azibweretsa okha. Ndawauza kuti asagule zambiri, pofika Lachisanu ndikhala nditatuluka.

Lachiwiri, 4 Novembala

Abwera adokotala a mafupa, a Silungwe. Ndi wamtali ngati bulugama, wolankhula pang'onopang'ono. Atavundukula bala anayang'ana nthawi yaitali.

"Mayi, bala ili lazungulira ngati chibangili. Munamanga chiyani apa?"

"Mphira," ndinatero. "Wa chubu cha njinga."

Anandiyang'ana ngati ndalankhula Chilomwe. Ndinawafotokozera kuti ife kumunda phazi likayamba kuwawa sitithamangira ku kiliniki. Ukazolowereka ku kiliniki dzina lako limadziwika kuofesi, ndipo munthu wodziwika ndi matenda ndi amene amayamba kuuzidwa kuti akapume. Ndiye timadula chubu chakale, n'kumanga kuyambira pakati pa phazi mpaka pamwamba pa kakolo, n'kulowetsa mu jombo. Limachita dzanzi, tsiku n'kutha. Ine ndamanga kuyambira Febuluwale.

"Febuluwale wa chaka chino?"

"Eya. Miyezi isanu ndi inayi yokha."

Anagwira kumutu. Kenako anati balalo si limene likuwadetsa nkhawa, lipola. Chowadetsa nkhawa ndi chimene chinandichititsa kumanga mphira. Ndinawauza kuti chimenecho ndi kutopa basi. Anati tiona kutupa kukachepa.

Lachitatu, 5 Novembala

38.1. Kutsuka bala n'kowawa koopsa, koma sindinalire. Ayeza shuga, ilibe vuto. Bipi yakwerako, andiwonjezera kapilitsi kamodzi m'mawa.

Pabedi nambala 8 pali mayi Victoria, mphunzitsi wopuma, kwawo ku Dedza koma anakhazikika kuno. Anathyoka ntchafu atagwa kubafa ndipo mwendo wawo aumangirira ku chitsulo cholemera. Amakonza Chichewa cha aliyense, ngakhale cha anamwino. Ine ndikati "kutchola" iwo amati "kuthyola". Ndawauza kuti amene wagwira ntchitoyo zaka 23 ndi amene akudziwa dzina lake, komabe m'kope muno ndikulemba mmene akufunira, chifukwa amasuzumira.

Lachisanu, 7 Novembala

Sindinatuluke. Thupi lazizira, 37.2, ndipo kutupa kwatsika, koma a Silungwe ayamba zawo.

Anandiimiritsa pasimenti, ananyowetsa mapazi anga onse ndi thonje, n'kundiuza kuti ndiponde kawiri. Phazi lakumanzere linasiya chidindo chachizolowezi, chokhala ndi kampata mkati. Lakumanja linadinda lonse, phwatalala, ngati chitumbuwa chimene wina wakhalira. Ndinaseka, koma mumtima ndinachita mantha pang'ono. Phazi langa silinali chonchi. Ndili mtsikana mkanda unkadutsa pansi pake.

Kenako anapita kumbuyo kwanga n'kugwada. Akuti kumanzere akuona zala ziwiri, kumanja akuona zinayi, chifukwa phazi lapotolokera kunja ndipo chidendene chagwera mkati. Anandifotokozera kuti pali mtsempha umene umachokera m'katumba, n'kudutsa kuseri kwa kakolo, ndipo ndi umene umanyamula kampata ka pansi pa phazi. Mtsemphawo ukatopa umatanuka, kampata n'kugwa. Akuti zimachitika kwambiri kwa amayi a msinkhu wanga, makamaka oima tsiku lonse pamalo otsetsereka atasenza katundu. Mphira unkangobisa ululu pamene mtsempha ukunka nutha.

"Ndiye mudzutse kampatako," ndinatero. "Mvula yayandikira."

"Mvula ikukhudzana bwanji ndi phazi?"

Munthu wa kumpoto uyu, tiyi amangomudziwa m'kapu. Ndinawauza kuti mvula ikagwa tiyi amaphuka pasanathe masabata awiri, ndipo m'gulu lathu munda sutsegulidwa ndi munthu wamba. Wa dzanja lothamanga kuposa onse ndi amene amalowa mzere woyamba, kuthyola nsonga yoyamba, ena n'kumatsatira. Zaka khumi ndi chimodzi wotsegula munda ndine. Ndipo nyumba tikukhalamo ndi ya pa esiteti, ili m'dzina la ntchito yanga. Kabaza alibe nyumba.

Anamvetsera bwinobwino, ndiwayamikire pamenepo. Kenako ananena mawu awa, ndipo ndawalemba mmene anawanenera.

"Bala likapola ndidzakuyesani. Mudzaima ndi phazi lodwalali lokha, n'kudzutsa chidendene kuti muime ndi zala. Chikakwera kasanu, ndiye kuti mtsempha ukadali ndi mphamvu, ndidzakupatsani chopondera cha mu nsapato ndi kalata yobwerera kumunda. Chikakana, ndidzamanga chikhakha masabata asanu ndi limodzi, ndipo kalata idzati kotsetsereka musabwererenso. Mukadzakakamira, pakatha zaka zochepa ngakhale kupita kuchigayo kudzakukanikani."

Kasanu kokha! Ine ndimakwera phiri la munda nambala 9 ndi dengu lodzaza kumsana. Ndawauza kuti akonzeretu kalata yoyambayo.

Loweruka, 8 Novembala

Andijambula phazi. Mafupa sanathyoke, angosuntha malo. Diripi achotsa, tsopano ndi mapilitsi, awiri kanayi patsiku.

A Peterson abweretsa nyemba za kalongonda ndi nthochi. Mayi Victoria anati kalongonda sanadyepo, amva kuti amaledzeretsa. Anadya mbale theka n'kufunsa ngati mawa abweranso.

Ndawafotokozera abambo a Mwai za mtsempha. Anangoyang'ana bala. Chubu chonse chimene ndinkamanga ankadula ndi iwo, ndi lumo, akuyeza kuti chisakule mbali imodzi. Pochoka anaiwala chipewa.

Lamulungu, 9 Novembala

Mvula yagwa. Inayamba cha m'ma 2 koloko masana, yamphamvu, mpaka anamwino ankakuwa polankhula chifukwa cha phokoso la malata. Fungo la dothi linalowa pazenera. Odwala ena anasangalala poganiza za chimanga chawo. Ine ndinayamba kuwerenga masiku. Ngati ipitiriza, munda atsegula cha pa 20 kapena 21.

Mtima sukukhazikika.

Lachiwiri, 11 Novembala

Bala lauma m'mbali. Ndayamba kuyeserera, anamwino akapita kukadya. Ndimagwira chitsulo cha kumiyendo kwa bedi, kupinda mwendo wakumanzere, n'kulamula chidendene kuti chikwere.

Sichinakwere. Chinangokhala pansi ngati si changa. Ululu unayenda kuchokera pakakolo mpaka m'bondo, thukuta kamukamu.

Lero ndi tsiku loyamba, palibe mwana amene amayenda tsiku lomwe waima.

Lachinayi, 13 Novembala

Kwabwera Lestina, mnzanga wa m'gulu, amene amanditsatira pa liwiro. Kunditsatira patali ndithu, asanamizepo anthu. Anangolowa n'kukuwa moni wa Chilomwe kuti "Moseliwa!" ngati ali kumunda, wodi yonse cheu.

"Anthuni, mwanenepatu! Kuchipatala kukukukondani eti? Kumundatu kwayamba kubiriwira, nsonga zangoti tutumu. Akapitawo akuti sabata yamawa Lachisanu tikutsegula nambala 9."

"Ndikhalapo," ndinatero.

"Ndi mwendo umenewu?"

"Kodi tiyi timatchola ndi mwendo?"

Anaseka mpaka misozi. Anandisiyira mapeyala atatu ndi nkhani zonse za kumalayini, kunyumba zathu za pa esiteti, za amene wathawa mwamuna ndi amene wabwerera. Atapita ndinayeserera kawiri. Sichinakwere.

Loweruka, 15 Novembala

Chakwera! Kanayi m'mawa, kasanu ndi kamodzi masana. Ndinauza mayi Victoria kuti aziwerenga. Anawerenga mpaka kumaliza, kenako anavula magalasi.

"Mayi Vailet, ine ndayang'anira mayeso zaka makumi atatu. Wobera ndimamudziwa ngakhale atandifulatira."

"Ndabera chiyani?"

"Chikukwezani si chidendene, ndi manja. Mukukankha chitsulocho mpaka mitsempha ya m'khosi kuoneka. Tasiyani chitsulo tione."

Ndinawauza kuti munthu wopachikidwa mwendo asamaphunzitse anzake kuima. Ndi mawu oipa, ndikudziwa. Anangovala magalasi n'kutsegula Baibulo lawo. Madzulo ndinawasendera peyala, analandira.

Koma ndaganiza. A Silungwe poyeza amagwada kumbuyo, maso ali pa chidendene. Manja sawaona.

Lolemba, 17 Novembala

Bala latsekeka. Kuyesedwa ndi Lachitatu m'mawa. Mapilitsi atsala a masiku awiri.

Ndakangana ndi abambo a Mwai. Ndinawauza kuti mawa abweretse kamphira kakang'ono, ndikamange mkati mwa bandeji kuti phazi lilimbe pa nthawi yoyesedwa.

"Ayi," anatero.

Pa zaka 25 za ukwati wathu, mawu amenewa ndawamva kwa iwo mwina kawiri.

"Mwati chiyani?"

"Ndati ayi, amake Mwai. Chubu sindidulanso. Bala limene lija ndinakupangani ndine."

"Ndinakutumani ndine. Nanga nyumba? Tikagona pa siteji ya kabaza?"

"Nyumba tikamanga kumudzi ku Nchilamwela, malo a amayi anu alipo. Njerwa ndiumba. Koma phazi sindingaumbe."

"Mukufuna ndikhale pakhonde ngati nkhalamba, anzanga akutchola?"

"Ndikufuna muziyenda nokha popita kutchalitchi. Ine kukunyamulani pa njinga sinditopa, koma inu ndikukudziwani, mudzadana nane chifukwa chokunyamulani."

Ndinawauza kuti atenge mbale zawo azipita. Anatenga, anapita. Ndakwiya kwambiri, ndipo chondikwiyitsa kwenikweni n'choti mawu omalizawo ndi oona.

Lachiwiri, 18 Novembala

Ndayeserera ndi manja, kasanu ndi kawiri. Ndayeserera osagwira kanthu, ziii.

Masana ndinapita kubafa popanda ndodo imene anandipatsa, kuti ndidziyese. Mapazi makumi anayi okha, pasimenti yosalala, popanda dengu. Pobwerera ndinapuma kawiri nditatsamira khoma.

Mawa ndikhoza. Njira ndikuidziwa.

Lachitatu, 19 Novembala

Ndilemba zonse mwandondomeko, chifukwa tsiku ili ndidzafuna kulikumbukira molondola.

A Silungwe anafika 9 koloko. A Peterson anali atabwera kale, ataima pakhomo la wodi ndi chipewa m'manja. Sitinalonjerane.

Ndinaima kumiyendo kwa bedi n'kugwira chitsulo. Adokotala anati ndingogwira pang'ono kuti ndisagwe, ndipo anagwada kumbuyo kwanga. Ndinapinda mwendo wakumanzere. Ndinakankha ndi manja mwakachetechete, nkhope ili myaa ngati ndili pa pemphero.

"Kamodzi," anawerenga. "Kawiri. Katatu."

Mayi Victoria anatembenukira kukhoma.

"Kanayi. Kasanu."

Anaimirira, anasasa mawondo, anakhala pampando n'kutulutsa pepala ndi cholembera.

"Chakwera kasanu," anatero. "Tinapangana. Ndilembe kuti mubwerere kumunda?"

Chimene ndachifuna masiku khumi ndi awiri chinali pamenepo, pansonga ya cholembera. Ndikanangoti eya. Koma phazi linali likugunda ngati mtima, ndipo ndinadzifunsa kuti kodi ku nambala 9 chitsulo cha bedi ndikachipeza kuti. Kumeneko n'kutsetsereka, matope, ndi dengu lokokera kumbuyo. Adokotala ndikanawapusitsa lero, koma phiri lija silipusitsika. Ndinadziona ndikugwa pakati pa mzere woyamba, gulu lonse likuyang'ana, Lestina akundinyamula. Ndinayang'ana pakhomo. Abambo a Mwai anali atafinya chipewa chija ngati akuchapa.

"Musalembe," ndinatero. "Ndinakankha ndi manja."

"Ndikudziwa," anatero a Silungwe. "Bedi lonse limagwedera, mpaka kapu yanu imalira pa kakabati ka pambali pa bedi. Komanso chidendene chokwera chokha chimapotolokera mkati, chanu chimangolendewera."

"Ndiye mumandifunsiranji?"

"Ndikanakuletsani ine, mukanatuluka muno n'kukamanga mphira wina Lachisanu. Ndimafuna munene nokha."

Ndinapempha kuti ndiyese moona. Anandiimika pakhoma, zala ziwiri zokha zitagusa khomalo. Ndinayesa katatu ndi mphamvu zanga zonse. Chidendene sichinasiyane ndi simenti ngakhale mpata wolowa pepala.

Ndinalira. Kutsuka bala konse kuja sindinalire, koma lero ndalira mokweza ngati pamaliro, wodi yonse ikumva, ndipo sindikuchita nazo manyazi. Zaka 23 si masewera. Mayi Victoria anatambasula dzanja kuchokera pabedi pawo n'kundigwira chitenje, popeza pena sakanafikira.

Lachinayi, 20 Novembala

Chikhakha amanga, kuchokera kuzala mpaka pansi pa bondo. N'cholemera ngati mtondo. Ndisachinyowetse, ndisalowetsemo kamtengo pokanda, zala zikachita dzanzi kapena kuda ndibwere msanga. Achotsa pa 2 Januwale. Pambuyo pake chopondera cha mu nsapato, nsapato za zingwe, ndi mafizo a phazi tsiku lililonse. Ululu ukapitirira adzanditumiza ku Blantyre kuti akaone za opaleshoni. Kampata sikadzabwerera, koma akuti ndikasamala ndidzayenda bwinobwino pamalo athyathyathya.

Kalata ndi ya Chingerezi, mayi Victoria andimasulira mawu ndi mawu. Ikuti ndisagwirenso ntchito yoima nthawi yaitali, yosenza, kapena ya kotsetsereka, ndipo ikupempha kuti andipatse ntchito yokhala pansi. Kuofesi angavomere kapena angakane, sindikudziwa. Ndipita ndekha Lolemba, sindituma munthu. Kunazale amabzala timitengo ta tiyi m'machubu atakhala pansi, ndipo manja awa sanadwale. Amene akuganiza kuti angadzaze machubu kuposa ine abwere tiyesane. Kuofesi akakana, abambo a Mwai akuti njerwa aumba, ndipo ine ndidzakhala pampando n'kumawauza pamene akhotetsa.

Tagwirizana ndi abambo a Mwai. Sindinapepese ndi pakamwa, ndinangowasiyira chiwindi cha nkhuku imene anabweretsa. Anamva.

A Silungwe anandifunsa kuti m'gulu lathu omanga mphira alipo angati. Ndinati chinsinsi cha gulu sindiulula kwa munthu wa ofesi, koma ndikalankhula nawo ndekha, ndipo ine ndikalankhula amamva. Anaseka, koyamba chibwerereni.

Mawa ndikutuluka. Mayi Victoria atsala ndi masabata atatu. Akuti ndizilembabe, zilembo zanga zayamba kuwongoka.

Lachisanu, 21 Novembala

Ndikulemba ndili kunyumba, mwendo uli pa mpando.

Anatitulutsa m'mawa. Minibasi inatitsitsa pamsewu waukulu, pamene a Peterson anasungitsa njinga, ndipo anandikweza chammbali, ndodo zili pamiyendo. Njira ya kumalayini imadutsa m'munsi mwa nambala 9. Ndinawauza kuti adutse mothamanga, sindikufuna kuona. Iwo anapalasa pang'onopang'ono ngati anyamula mazira.

Munda wonse unali wobiriwira mowala, nsonga zili ndandanda. Dzuwa linali litakwera kale, nthawi yoti madengu akhale atafika theka. Koma gulu lonse linali chiimire m'mphepete mwa msewu, madengu kumsana, opanda kanthu. Akapitawo ankayendayenda akuyang'ana wotchi.

"Si awo!" anakuwa Lestina. "Tinawauza akapitawo kuti mwini munda akubwera. Tsikani msanga, dzuwa latiotcha!"

Kenako anaona chikhakha. Phokoso lonse linatha.

"Ndi cha masiku angati chimenechi?" anafunsa.

"Chikhakha n'cha masabata asanu ndi limodzi," ndinatero. "Koma kumtundaku sindikweranso, Lestina. Ndi mpaka kale."

Wina kumbuyo anayamba kufwenthera. Ndinaona kuti ndikachedwa ndiyambanso zanga za Lachitatu, ndiye ndinauza abambo a Mwai kuti asendeze njinga kufupi ndi tchire la m'mphepete. Ndili pa kaliyala pomwepo ndinatambasula dzanja n'kuthyola masamba awiri ndi kansonga. Kanali kofewa, konyowa ndi mame. Ndinakaponya m'dengu la Lestina.

"Munda ndatsegula. Mzere woyamba ndi wako. Lowa."

"Achemwali, ine sindingathe kuyamba inu muli pompano."

"Lowa iwe, tiyi akukhwima. Ndipo usandichititse manyazi ndi manja ako olemerawo."

Analowa akupukuta maso ndi mkono, ena n'kumutsatira mmodzimmodzi. Ndinamva kaphokoso kaja ka nsonga zikuthyoka mbali zonse, kamene ndakhala m'kati mwake moyo wanga wonse. Sindinkadziwa kuti kamamveka mpaka kumsewu.

Abambo a Mwai anafunsa ngati tizipita. Ndinati adikire kaye, ndione ngati Lestina afike kumapeto kwa mzere osasiya nsonga m'mbuyo.

Sanasiye ngakhale imodzi. Ndinawauza kuti apalase.